Ulendo wa ku Terengganu, Gombe la Akamba a M'nyanja

M'kope lino tikutengerani kutali ndithu, ku chigawo cha Terengganu m'dziko la Malaysia. Chigawo chimenechi chili m'mphepete mwa nyanja yaikulu yamchere yotchedwa South China Sea, ndipo munthu wochokera mumzinda wa Kuala Lumpur amayenda pa basi maola pafupifupi 6, kudutsa mapiri ndi minda ikuluikulu ya kanjedza wa mafuta, kuti akafike ku Kuala Terengganu komwe ndi kulikulu kwake. Gombe la chigawochi ndi lalitali makilomita oposa 200, pafupifupi lonse mchenga wokhawokha. Midzi ya asodzi yandandalika m'mbali mwa msewu, uliwonse ndi mzikiti wake, ngalawa zake zopaka utoto wowala, ndi timisasa togulitsiramo keropok lekor, chakudya chimene amapanga ndi nsomba yosinja yosakaniza ndi ufa.

Chimene chinatchukitsa gombe limeneli pa dziko lonse lapansi ndi akamba a m'nyanja, amene eni dziko amawatchula kuti penyu. Mlendo amaona chithunzi cha penyu paliponse, pa zikwangwani za mumsewu, pa malaya a ana, ngakhalenso pa makoma a kanjira kena ka mumzinda kotchedwa Turtle Alley. Koma ngakhale zithunzi zachuluka chotere, mtundu waukulu kwambiri wa akambawa, umene kale unkakopa alendo miyandamiyanda, unaleka kubwera. Ife tinayenda m'gombeli masiku 5 m'mwezi wa Juni, kuti tikaone malo amene akamba analeka kubwerako ndi malo amene akubwerabe, ndi kumva chimene chinasiyanitsa malo awiriwa.

Kamba wake ndi wotani?

Ambiri a ife kamba amene timamudziwa ndi wa kuthengo uja amabisa mutu m'chigoba akamva mgugu, kapena nkhasi ya m'mitsinje. Kamba wa m'nyanja yamchere ndi wosiyana nawo. Mutu wake sulowa m'chigoba, ndipo m'malo mwa miyendo ali ndi zopalasira zinayi zonga nkhafi, ziwiri zazitali kutsogolo ndi ziwiri zazifupi kumbuyo. Amapuma mpweya ngati ife, kotero kuti akakodwa mu ukonde pansi pa madzi kwa nthawi yaitali amamira ndi kufa. Wamphongo akalowa m'madzi tsiku limene waswedwa, kawirikawiri sapondanso mtunda moyo wake wonse. Kawirikawiri wamkazi ndiye amatuluka, ndipo chomutulutsa chachikulu ndi kudzaikira mazira mumchenga. Akaikira amakwirira n'kubwerera m'madzi. Safungatira, ndipo ana ake sawaonanso. Ntchito yofungatira imatsalira mchenga ndi dzuwa.

Pa dziko lonse pali mitundu 7 ya akamba amenewa, ndipo mitundu 4 imadziwika ku Malaysia. Iwiri ndiyo ili m'nkhani yathu. Woyamba ndi penyu belimbing, amene Angerezi amati leatherback, wamkulu koposa onse. Alibe chigoba cholimba koma chikopa chochindikala chakuda chokhala ndi mizere 7 yotukuka kumsana, ndipo dzina lakelo analitenga ku chipatso cha belimbing chimene chili ndi mizere yotero. Amatalika mpaka mamita awiri, ndipo wolemera kwambiri amene anayesedwapo, yemwe anapezeka atafa pa gombe la ku Wales m'chaka cha 1988, ankalemera makilogalamu 916. Amamira kupitirira mamita 1,000 pansi pa nyanja pofuna chakudya chake, chomwe ndi tinyama tofewa ngati phala totchedwa jellyfish. Wachiwiri ndi penyu agar, kapena kuti kamba wobiriwira, amene chigoba chake chimatalika pafupifupi mita imodzi ndipo amalemera makilogalamu oposa 100. Amadya udzu wa pansi pa nyanja ndi ndere, ndipo chobiriwiracho si chigoba koma mafuta a m'thupi mwake.

Ku Rantau Abang

Kuchokera ku Kuala Terengganu tinalowera kum'mwera, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, mpaka pa mudzi wa Rantau Abang m'boma la Dungun. Munthu wosauzidwa akhoza kungoudutsa mudziwu. Pali nyumba zowerengeka, malo ogona alendo angapo, ndi nyumba ya boma yosungiramo mbiri ya akamba, imene imayang'aniridwa ndi nthambi yoona za usodzi. Kuseri kwa mudzi kuli gombe lotsetsereka la mchenga wokhakhala, ndipo madzi ake amayamba kuya pafupi ndi mtunda. Gombe lotere ndi limene penyu belimbing amakonda, chifukwa nyama yolemera chotero imafuna kuti mafunde aifikitse pafupi ndi pouma isanayambe kudzikhwekhwereza.

M'chaka cha 1956 akatswiri anawerengera kuti pa gombe limeneli panakumbidwa zisa za penyu belimbing zoposa 10,000 m'chaka chimodzi chokha. Malowa anali amodzi mwa malo akuluakulu oikirako akamba amenewa pa dziko lonse. Pofika m'chaka cha 1995 zisa sizinakwane 50. Zaka za m'ma 2000 zinkawerengedwa ndi zala za m'manja, ndipo mazira ake ambiri sankaswa n'komwe. Tinayenda pa mchengawo m'mawa, m'nyengo yeniyeni yoikira, koma tinangopeza mapazi a nkhanu ndi a mbalame. Penyu belimbing amene tinamuona ku Rantau Abang ndi wosema, ali m'nyumba ya boma ija, ndipo ana a sukulu ankaima pambali pake kudziyeza msinkhu.

Chinachitika n'chiyani? Palibe mliri umene unagwa, ndipo palibe tsiku limodzi limene munthu angaloze kuti akamba anathera apa. Choyamba chinali mazira. Anthu a m'chigawochi akhala akudya mazira a kamba kuyambira kalekale, ndipo boma linkagulitsa ziphaso zotolera mazira, gombe ndi gombe, kwa amene wapereka ndalama zambiri. Wogula chiphaso ankafuna kubweza ndalama zake, tsono ankakumba chisa chilichonse, usiku uliwonse, chaka ndi chaka, kotero kuti pafupifupi mazira onse ankathera kumsika. Chachiwiri chinali maukonde. Kuyambira zaka za m'ma 1970 usodzi wa makoka okokedwa ndi ngalawa za injini unakula, pamodzi ndi maukonde aataliatali ongoyandama m'nyanja zakutali, ndipo akamba aakulu ankafera m'menemo. Chachitatu chinali alendo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anthu ankadzaza gombelo usiku, kusonkha moto, kuwalitsa matochi m'maso mwa kamba, ndipo ena ankafika pokwera pamsana pake kuti ajambulitse chithunzi.

Chimene chinapusitsa anthu n'chakuti kamba amachedwa kukula ndipo amakhala moyo zaka zambiri. Penyu belimbing amatenga zaka zoposa 10 kuti ayambe kuikira, ndipo akayamba amabwerabwera kwa zaka zinanso zambiri. Tsono ngakhale mazira onse ankadyedwa, manthu wakalewo ankabwerabe, ndipo wotola mazira ankaona ngati nkhokwe ikadali yodzaza. Kunali ngati banja limene likudya mbewu yodzala pamene ufa ukadali m'lichero, njala yake siimveka chaka chomwecho. Akamba akale atayamba kufa, panalibe ana oti alowe m'malo mwawo, ndipo chiwerengero chinagwa mofulumira. Boma linapatula gombeli kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 1988, ndi kuletsa kudya kapena kugulitsa mazira a penyu belimbing m'chaka cha 1989, koma paja akuluakulu anati madzi akatayika sawoleka.

Malo oswetsera mazira anali atayamba kale ku Rantau Abang m'chaka cha 1961, ndipo apa pali phunziro lina. Mazira amene ankagulidwa kuti aswetsedwe anali gawo laling'ono kwambiri la amene ankaikiridwa. Komanso nthawi imeneyo sizinkadziwika kuti chimene chimachititsa kamwana ka kamba kukhala kamphongo kapena kakakazi ndi kutentha kwa mchenga. Malire ake ali pa madigiri pafupifupi 29. Mchenga ukatentha kuposa apo mumatuluka akazi ambiri, ndipo ukazizira mumatuluka amphongo ambiri. Mazira amene ankakwiriridwa pa mtetete wa dzuwa ankaswa pafupifupi akazi okhaokha, ndipo amene ankasungidwa m'mabokosi m'nyumba ankaswa amphongo ambiri. Akatswiri awiri a m'chigawochi, Chan Eng Heng ndi Liew Hock Chark, ndiwo anafufuza ndi kulemba zimenezi m'zaka za m'ma 1990. Anthu amene ankagwira ntchitoyo anali ndi mtima wabwino, koma mtima wabwino wokha sunakwanire popanda kuidziwa nyamayo.

Usiku wa ku Teluk Mak Nik

Kuchoka ku Rantau Abang tinapitirira kum'mwera, kudutsa Paka ndi Kerteh kumene kuli mafakitale akuluakulu a mafuta ndi gasi, mpaka m'boma la Kemaman kumalire ndi chigawo cha Pahang. Kumeneko kuli gombe la Teluk Mak Nik, limodzi mwa magombe amene kamba wobiriwira akubwerabe chaka ndi chaka. Nyengo yoikira imayamba cha m'Malichi mpaka cha m'Okutobala, ndipo imafika pachimake pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Kuyambira Novembala kumabwera mphepo ndi mvula ya monsoon, nyanja imalusa, ndipo ngakhale asodzi ambiri amakokera ngalawa zawo kumtunda.

Itatha swala ya Isha tinakumana ndi wotitsogolera, bambo wachikulire amene aliyense ankawatchula kuti Pak Cik, mawu aulemu a kumeneko onena amalume kapena bambo aang'ono. Malamulo awo anali ochepa koma osapsatira: tochi ayi, kuwala kwa foni ayi, fodya ayi, phokoso ayi, ndipo munthu asaime kutsogolo kwa kamba. Anatikhazika pansi pa mitengo kutali ndi madzi, alonda ena akuyendera gombe mumdima. Tinakhala pamenepo maola oposa awiri, udzudzu ukutiluma, ndipo tinakumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chifukwa chodikirira kutali n'chakuti kamba akamatuluka m'madzi amakhala wamantha kwambiri. Akaona kuwala kapena chinthu choyenda amatembenuka n'kubwerera osaikira, ndipo akasokonezedwa chotero usiku ndi usiku akhoza kutayira mazira ake m'madzi momwe sangaswe.

Itadutsa 11 koloko mlonda anabwera kudzatiitana ndi manja. Choyamba kuona chinali mkukuluzi wake pa mchenga, wotambalala pafupifupi mita imodzi, wonga pamene padutsa tayala la thirakitala. Tinautsata mpaka kumtunda kumene mafunde safika, ndipo tisanamuone tinamva kupuma kwake, kozama ngati kwa munthu wosenza katundu wolemera pa chitunda. M'madzi nyama imeneyi imauluka ngati mbalame, koma pa mtunda thupi lake lonse limaipsinja, kotero kuti imakwawa pang'ono n'kupuma, kukwawa pang'ono n'kupuma. Inali itakumba kale chidzenje chachikulu ndi nkhafi zakutsogolo n'kulowamo, msana wake uli wofanana ndi mchenga.

Pamenepo tinaona ntchito imene sitidzaiwala. Ndi nkhafi zakumbuyo, zimene iye mwini sazionanso n'komwe, kambayo ankakumba kadzenje kena kopapatiza. Nkhafi imodzi inkalowa, kupindika ngati chikhatho, kutapa mchenga pang'ono ndi kuuika pambali, kenako inzake n'kulowa, mosinthanasinthana popanda kuphonya. Kadzenjeko kanali kopapatiza kukamwa ndi kotakasuka pansi ngati mtsuko, kozama kupitirira theka la mita. Nkhafi zitaleka kufika pansi, kambayo anaima duu, ndipo mazira anayamba kugwa awiriawiri kapena atatuatatu. Apa m'pamene Pak Cik anatilola kusendera kumbuyo kwake ndi kuyatsa katochi kofiira, chifukwa kamba akayamba kuikira sasamalanso kwambiri za omuzungulira, ndipo kuwala kofiira sikumuvutitsa ngati koyera.

Mazira ake ndi obulungira, oyera, ocheperako pang'ono poyerekeza ndi a nkhuku, ndipo chikamba chake n'chofewa ngati chikopa, n'chifukwa chake sasweka pogwerana. Usiku umenewo anaikira oposa 100, monga amachitira akamba a mtundu wake. M'maso mwake munkatuluka misozi yonanda, ndipo mwana wina amene anali m'gulu lathu anafunsa amayi ake ngati kambayo akulira ndi ululu. Pak Cik anafotokoza monong'ona kuti umo ndi m'mene thupi lake limatayira mchere wa m'madzi amene amamwa, ndipo zimachitika nthawi zonse, kungoti m'madzi sizioneka. Alonda anayeza chigoba chake ndi tepi, n'kuwerenga nambala ya pa kachitsulo kamene kanali pa nkhafi yakutsogolo. Ndi manambala amenewa amadziwa kuti kamba mmodzi amaikira kangapo pa nyengo imodzi, motalikirana masiku 10 kapena milungu iwiri, kenako n'kusowa zaka ziwiri, zitatu kapena kuposerapo asanabwerenso.

Atatha kuikira anakwirira kadzenje kaja ndi kutsendera, kenako anayamba kuwaza mchenga ndi nkhafi zakutsogolo kwa nthawi yokwana pafupifupi ola, akusendera patsogolo pang'onopang'ono, kuti mdani asadziwe pamene pali mazira. Mchenga wina unatigwera m'maso ndi m'matumba. Itakwana 2 koloko usiku anatembenuka, nayamba ulendo wobwerera, ndipo funde lachitatu litamumenya anasowa.

M'khola la mazira

Pa gombe limeneli mazira sasiyidwa pamene aikiridwa, chifukwa msewu uli pafupi ndipo akuba, ng'azi ndi agalu sasowa. Alonda amawatola usiku womwewo kupita nawo kumalo oswetsera, ndipo m'mawa mwake tinapita kukaona malo otere m'dera la Geliga. Ndi khola la waya lomangidwa pa mchenga, mbali ina yofoleredwa ndi ukonde wakuda wopereka mthunzi, kuti amphongo ndi akazi azituluka onse. M'katimo muli mizere ya timakola ting'onoting'ono tozungulira, kalikonse ndi kachikwangwani kolembapo tsiku, gombe limene mazira achokera ndi chiwerengero chake. Pansi pa kakhola kalikonse pali dzenje lokumbidwa ndi manja, lozama ndi lopangidwa monga m'mene manthu amakumbira.

Wogwira ntchito pamalopo anatiuza kuti kusamutsa mazira kuli ndi malamulo ake. Ayenera kusamutsidwa pasanathe maola ochepa chiikirireni, ndipo akachedwa sayenera kutembenuzidwa kapena kugwedezedwa, popeza kamwana kamakhala katamatirira kumtunda kwa chikamba ndipo dzira likatembenuka kamafa. Pakatha masiku 50 mpaka 60 tiana timaswa, koma sitituluka nthawi yomweyo. Timakhala pansipo masiku angapo tikukwera pamodzi, ta pamwamba tikugumula mchenga ndipo ta pansi tikuupondereza, mpaka tifike pafupi ndi kunja. Pamenepo timadikira kuti mchenga uzizire, ndiye kuti kwada, kenako timatumphuka tonse ngati inswa. Kamodzi n'kotalika masentimita 5, kokwana bwino pa chikhatho cha mwana. Tikatuluka, antchito amafukula dzenjelo ndi kuwerenga zikamba kuti adziwe amene aswa ndi amene afa.

Madzulo a tsikulo, dzuwa litalowa, tinaonerera tiana ta chisa chimodzi tikumasulidwa. Sanatiponye m'madzi, koma anatitula pa mchenga mamita angapo kuchokera ku mafunde kuti tiyende tokha. Timadziwa kolowera poyang'ana mbali imene thambo likuwala pang'ono, ndipo pa gombe lamdima mbali imeneyo ndi ya kunyanja. N'chifukwa chake magetsi a m'mahotela ndi a mumsewu ndi adani aakulu, popeza amatikokera kumtunda kumene timafa ndi ludzu kapena kupondedwa ndi galimoto. Tikalowa m'madzi timasambira usiku wonse ndi tsiku lotsatira osapuma, pogwiritsa ntchito chakudya cha m'dzira chimene chatsalira m'mimba, kuti tituluke m'madzi osaya m'mene muli nsomba zolusa zambiri. Tsono malo amene amasunga tiana m'mabeseni masiku ambiri kuti alendo azitigwira ndi kujambula amatimalizira kamba wa paulendo ulendowo usanayambe. Antchito amasinthanso malo omasulira, chifukwa nsomba nazo zimaphunzira ndipo zimadikira pamene chakudya chimabwera tsiku ndi tsiku. Ndi chisamaliro chonsechi, akatswiri amawerengera kuti mwa tiana 1,000 mwina kamodzi kokha ndiko kamafika pokula.

Chimene chapulumutsa kamba wobiriwira

Anthu amene tinacheza nawo anagwirizana pa mfundo imodzi, yoti khola la mazira ndi chithandizo cha pangozi chabe, ndipo chisa chabwino koposa ndi chimene chasiyidwa pomwe manthu anachikumba. Izi zimatheka pa gombe lokhalo limene lili ndi alonda ndipo mulibe magetsi. Chitsanzo chake ndi Chagar Hutang, kagombe kosakwana theka la kilomita kumpoto kwa chilumba cha Redang. Akatswiri awiri tawatchula aja anayamba ntchito kumeneko m'chaka cha 1993, ndipo poyamba ankachita kugula zisa kwa otola mazira a ziphaso kuti asazikumbe. Pambuyo pake boma linapatula gombelo kukhala lotetezedwa, ndipo ntchitoyo inapitirira m'manja mwa sukulu ya ukachenjede ya Universiti Malaysia Terengganu pamodzi ndi anthu ongodzipereka amene amagona kumeneko akulondera. Zaka zina zisa za pa kagombe kameneka zimapitirira 1,000. Ife sitinafikeko, popeza si malo oti mlendo aliyense angotsikirapo. Gombe lina lotetezedwa ndi Ma'Daerah pafupi ndi Kerteh, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999.

Nkhondo yovuta kwambiri inali ya kumsika. Pa msika waukulu wa Pasar Payang mumzinda wa Kuala Terengganu mazira a kamba wobiriwira ankagulitsidwa poyera m'timatumba, ndipo ambiri sankaona cholakwa chifukwa makolo awo ankadya, komanso ankakhulupirira kuti amapatsa mphamvu. Apa m'pamene mzikiti unalowererapo. M'chaka cha 2008 nkhani yosamala akamba inalowa mu khutba ya Lachisanu m'mizikiti ya ku Terengganu, mogwirizana ndi bungwe la WWF-Malaysia, kukumbutsa anthu kuti zolengedwa zili m'manja mwawo ngati chosungitsa ndipo kumaliza mtundu wonse wa nyama ndi kuononga. Lamulo linatsatira mochedwa ndithu, koma linabwera. Kuyambira pa 1 Juni 2022 kugulitsa mazira a kamba wa mtundu uliwonse n'koletsedwa m'chigawo chonsecho. Kumbali ya usodzi, makoka ena tsopano amaikidwa kachipangizo konga khomo, kamene kamalola nsomba zing'onozing'ono kulowa koma kamba n'kutulukira pamwamba.

Komabe alonda a gombe limodzi sangateteze kamba moyo wake wonse. Akamba ena a ku Redang anaikidwa timakina towatsata, ndipo atatha kuikira anasambira makilomita mazanamazana kupita kokadya ku Sabah, ku Philippines ndi ku Indonesia. Paulendo wonsewo amakumana ndi maukonde, injini za ngalawa ndi majumbo a pulasitiki amene amawameza poyesa chakudya. Ngakhale zili choncho, ntchito yoteteza magombe m'maiko ambiri yaonetsa zipatso. M'mwezi wa Okutobala 2025 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotha, linachotsa kamba wobiriwira m'gulu la zimene zili pangozi yotero, ngakhale kuti m'madera ena akucheperabe. Kamba wobiriwira anapeza omuteteza manthu akadalipo ambiri, pamene penyu belimbing wa ku Rantau Abang anawapeza atatsala owerengeka.

Kwa amene adzayenda

Abale athu amene ali ku South Africa ndi ku Mozambique safunika kukafika ku Malaysia kuti akaone zimenezi. Pa gombe la kumpoto kwa KwaZulu-Natal, m'nkhalango yotetezedwa ya iSimangaliso, mpaka ku Ponta do Ouro, akamba a mtundu wa penyu belimbing akubwerabe kudzaikira pakati pa Novembala ndi Febuluwale. Ndi ochepa koma alipo, ndipo alonda a ku KwaZulu-Natal akhala akuwawerenga ndi kuwateteza kuyambira m'chaka cha 1963. Amene adzapeza mwayi wokaona, kulikonse kumene kungakhale, apite ndi wotsogolera wovomerezeka, avale zovala zakuda, azimitse foni, akhale kumbuyo kwa kamba, ndipo asamugwire. Akafika pa khola la mazira afunse kuti tiana timamasulidwa liti. Akamva kuti ndi usiku womwewo, adziwe kuti ali pa malo abwino, koma akaona mabeseni odzaza tiana masana dzuwa likuswa mtengo, asasiyepo ndalama zawo. Ndipo mazira kapena zokongoletsa za chigoba cha kamba asagule, ngakhale wogulitsa atanyengerera motani.

Kamba wobiriwira amatenga zaka 25 kapena kuposerapo kuti ayambe kuikira, ndipo nthawiyo ikakwana amabwerera ku dera lomwe anaswedwa, motsogozedwa ndi mphamvu ya maginito ya dziko lapansi imene amaizindikira. Ndiye kuti manthu amene akukwera magombe a Terengganu zaka zino anachokera m'mazira amene anapulumuka m'ma 1990 kapena kale kuposa apo, nthawi imene anthu ochepa ankagula zisa kuti zisakumbidwe. Mazira amene lamulo la 2022 lawachotsa pa msika adzayamba kuoneka phindu lake cha m'ma 2050. Alonda achikulire amene akugona pa mchenga lero ambiri sadzakhalapo kuti awerenge zisa zimenezo. Adzaziwerenga ndi ana amene panopa ali ku pulayimale, ngati makolo awo awaphunzitsa kusiya dzira mumchenga.